Lipoti Likatuluka, Ndani Adzasinthe Zochita Zake?

 

Ndapemphedwa kuti ndiyankhulepo za momwe ife ochita kafukufuku tingakonzekerere kuti zomwe tapeza zikafike pa ndondomeko za chitukuko m'dziko muno. Ndiyamba ndi funso limodzi, ndipo mundilole ndilibwereze kangapo tisanabalalike. Lipoti lanu likatuluka, ndani adzasinthe zochita zake? Sindikufunsa kuti adzaliwerenga ndani, kapena adzabwera ndani pa mwambo wolikhazikitsa. Ndikufunsa za munthu wa udindo wodziwika, yemwe tsiku lina adzasainira kalata ina, adzaika ndalama pena, kapena adzauza wodwala mawu ena, chifukwa cha zomwe inu munapeza.

Ambirife funsoli timaliganizira mochedwa. Timalemba kalata yopempha ndalama, timapita kumidzi ndi mafunso athu, timasanthula manambala, timasindikiza. Ndalama zikatsala pang'ono kutha, m'pamene timaitanitsa msonkhano wa tsiku limodzi, kugawa timapepala ta masamba awiri, n'kumati boma lamva. Sindikunyoza ntchito imeneyi. Kafukufuku wochitika m'dziko muno ndi wochuluka, ndipo wambiri ndi wabwino zedi. Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti anthu omwe anatilandira pakhomo pawo, natiyalira mphasa, nayankha mafunso athu khasu lili pambali, nthawi zambiri saona phindu lake. Amenewo ndiwo tili nawo ngongole.

Chida chomwe ndikufuna tikambirane chimatchedwa theory of change. Si chinthu chovuta. Ndi kulemba poyera, ntchito isanayambe, njira yomwe mukuganiza kuti kusintha kudzadzera: ichi chikachitika chidzabweretsa ichi, chimenecho chidzabweretsa chakuti, mpaka kukafika pa moyo wa munthu. Ndipo paliponse pomwe mwati chakuti chidzabweretsa chakuti, mulembenso chifukwa chomwe mukukhulupirira kuti zidzaterodi. Yemwe anatchukitsa ganizoli ndi mayi Carol Weiss a ku America, katswiri wa kaunikidwe ka mapulojekiti, m'nkhani yomwe inasindikizidwa ndi Aspen Institute mu 1995. Mayiwa anaona kuti mapulojekiti ambiri amavuta kuwaunika chifukwa eni ake sanafotokozepo kuti zochita zawo zidzabala bwanji zomwe akulonjeza. Iwo omwewo anali atalemba kale mu 1979 kuti si kawirikawiri kafukufuku kulowa mwachindunji m'chiganizo cha boma. Nthawi zambiri amalowerera pang'onopang'ono, n'kusintha momwe anthu amalionera vuto, ndipo papita zaka chiganizo chisanasinthe.

Ambiri muno munaolokapo mtsinje wopanda mlatho, podumpha pa miyala. Tsidya lino pali lipoti lanu. Tsidya linalo pali banja lomwe chakudya chawakwanira mpaka kukolola, kapena mwana wobadwa wopanda kachilombo. Wodziwa mtsinje sangolowa m'madzi. Amayamba waima pagombe n'kuwerenga miyala: uwu ndi wokhazikika, uwo uli ndi ndere, apo mpata watalika. Theory of change ndi kuima pagombe kumeneko.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, yambirani tsidya linalo ndipo tchulani anthu. Yachiwiri, lembani poyera zomwe mwangoziganizira. Yachitatu, musathawe ndale ndipo dziwani nyengo. Yachinayi, bwererani ku pepala lanu nthawi ndi nthawi.

Mfundo yoyamba: yambirani tsidya linalo, ndipo tchulani anthu.

Musayambe ndi kulemba kuti tidzatulutsa malipoti atatu ndi kuchititsa misonkhano inayi. Zimenezo ndi zochita zanu, si kusintha ayi. Yambani ndi moyo wa munthu, kenako muzibwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti kafukufuku wanu ndi wa chimanga chomwe chimaonongeka ndi anankafumbwe chikakololedwa, ndipo mwapeza kuti matumba osalowa mpweya amachisunga bwino. Tsidya linalo ndi banja lomwe mu Febuluwale likadali ndi ufa. Kuti zimenezo zitheke, mayi wa pakhomopo ayenera kuti anasunga chimanga chake m'thumba lotero, chitauma bwino, nalimanga moyenera. Kuti atero, thumbalo liyenera kupezeka m'sitolo ya pamsika wapafupi, pa mtengo womwe angakwanitse m'mwezi wokolola, pomwe aliyense akufuna ndalama yake. Wasitoloyo ayenera kukhulupirira kuti akaoda matumbawo adzagulidwa. Mlangizi ayenera kuti anaphunzitsidwa, ndipo ali ndi njinga yoyendera. Mkulu wa zaulimi paboma ayenera kuti anaika nkhaniyi m'ndondomeko yake ya chaka. Mwaona kuti tisanafike n'komwe ku likulu tapeza kale anthu anayi, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene amawerenga magazini a ukatswiri omwe ife timasindikizamo.

Boma si munthu. Mukalemba kuti boma lidzasintha ndondomeko, simunalembe kanthu. Ku Capital Hill kuli mkulu wa nthambi yemwe amalemba zolemba zoyambirira, kuli mlembi wamkulu, kuli nduna, kuli nduna zinzake, kuli a ku Unduna wa Zachuma omwe amagwira thumba. Ku Nyumba ya Malamulo kuli makomiti a aphungu. Paboma pali bwanamkubwa ndi khonsolo. Kumudzi kuli mfumu ndi komiti ya chitukuko. Aliyense mwa amenewa ali ndi zomwe amaopa, zomwe amayamikiridwa nazo, ndi munthu yemwe amamumvera. Lipoti lanu likatuluka, mwa onsewa, ndani adzasinthe zochita zake?

Anzathu a bungwe la IDRC la ku Canada anatulutsa njira yothandiza pa nkhaniyi mu 2001, yotchedwa Outcome Mapping. Amati sankhani anthu ochepa omwe mungathe kuwafikira inu eni, ndipo pa aliyense lembani khalidwe lomwe mukufuna kuona, m'magawo atatu: chomwe mukuyembekeza kuona, chomwe mungakonde kuona, ndi chomwe mungasangalale nacho koposa. Mkulu wa nthambi akabwera yekha ku msonkhano wanu osatuma womuimira, ndi gawo loyamba. Akakuimbirani foni kupempha manambala pomwe akulemba zake, ndi gawo lachiwiri. Akayamba kuteteza ganizolo pamaso pa akuluakulu ake inu kulibe, mwafika pachitatu. Ubwino wake n'ngwakuti zimenezi zimaoneka ndi maso, chaka chisanathe.

Dziko lino lili ndi chitsanzo chonyaditsa. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyambirira a malungo, n'kuyamba Fansidar. Maiko ena oyandikana nafe anadikira zaka zingapo, ana akumwa mankhwala omwe anali atasiya kugwira ntchito. Ife chinatifulumizitsa n'chiyani? Kafukufuku woyesa mphamvu ya mankhwalawa, m'maboma monga Mangochi, ankachitika ndi Unduna wa Zaumoyo womwewo mothandizana ndi akatswiri a bungwe la CDC. Woyenera kusintha zochita zake anali m'kati mwa kafukufuku kuyambira pachiyambi. Funso linali lake, ndipo yankho litabwera sanafunike kunyengereredwa.

Koma ndichenjeze apa. Lamulo likasintha musaganize kuti mwaoloka. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la maukwati lomwe linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu Febuluwale 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Inali ntchito yaikulu ya anthu ambiri. Kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 pa 100 aliwonse anakwatiwa asanafike zaka 18. Komabe lamulo palokha silinabweze mtsikana aliyense m'kalasi. Ku Dedza zinatengera Inkosi Kachindamoto kuitanitsa mafumu awo, kuthetsa maukwati a ana, ndi kuimitsa mafumu omwe ankalekerera. Theory of change yothera pa siginecha ya Pulezidenti yaima pakati pa mtsinje.

Mfundo yachiwiri: lembani poyera zomwe mwangoziganizira. Apa ndichedwapo, chifukwa m'pamene pagona mtima wa nkhani yonse.

Mabungwe ambiri opereka ndalama masiku ano amafuna theory of change m'kalata yopempha thandizo. Choncho timajambula mabokosi okongola, n'kuwalumikiza ndi mivi. Kafukufuku, muvi, kudziwitsa, muvi, ndondomeko yatsopano, muvi, umphawi watha. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yeniyeni siili m'mabokosi, ili m'mivi. Muvi uliwonse ukubisa chinthu chomwe mwangochikhulupirira popanda kuchiyesa. Chitulutseni, muchilembe ndi mawu omveka, muchiyang'anitsitse.

Nazi zina zomwe timangoziganizira nthawi zonse. Timaganiza kuti vuto ndi kusadziwa, ndipo akuluakulu akadziwa adzachita. Koma nthawi zambiri amadziwa kale, chikuwaletsa n'china. Timaganiza kuti ofesala yemwe tagwira naye ntchito zaka zitatu adzakhala pa mpando womwewo, pomwe kalata imodzi ingamusamutsire ku unduna wina sabata yamawa. Timaganiza kuti ganizo labwino lidzapeza ndalama zake. Timaganiza kuti phungu, khansala ndi mfumu adzamva lipoti la masamba 80 la m'Chingerezi chaukatswiri, pomwe nkhani yomweyo ikanenedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao ikanafika kutali tsiku limodzi.

Taonani zomwe zinachitika pa nkhani yoteteza ana osabadwa ku kachilombo ka HIV. Mu 2010 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka njira ziwiri zoti maiko asankhepo, Option A ndi Option B. Zonse ziwiri zinkadalira kuti mayi woyembekezera ayezedwe kaye chitetezo cha m'thupi, chija timati CD4, kuti adziwike ngati akuyenera kuyamba ma ARV a moyo wake wonse. Papepala zinali zolongosoka. Koma akatswiri a ku Unduna wathu wa Zaumoyo anaima pagombe n'kuona kuti mwala umenewo ndi woterera. Makina oyezera CD4 anali m'zipatala zochepa. Ankaonongeka. Magazi ankayenera kutumizidwa kutali, zotsatira zinkachedwa, ndipo pomwe zikufika mayi uja anali atabwerera kumudzi, mwinanso atachira kale. Iwo anati mwalawo tiuchotse. Mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV, osadikira CD4, ndipo apitirize moyo wake wonse. Njirayi inatchedwa Option B+, ndipo inayamba mu Julaye 2011.

Manambala ake ndi awa. M'miyezi itatu ya Epulo mpaka Juni 2011, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa omwe anayamba ma ARV anali 1,257. M'miyezi itatu ya Julaye mpaka Seputembala 2012 anafika 10,663. Mu 2013 WHO inaika njira ya ku Malawiyi m'malangizo ake a dziko lonse lapansi. Chinabadwa kuno chinakaphunzitsa a WHO ku Geneva, chifukwa anthu ena anali ndi mtima wofunsa ngati chomwe aliyense ankachitenga ngati chapafupi chinalidi chapafupi.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri, ndipo ndiyo ndikufuna muigwiritse. Option B+ nayo inali ndi chake chongoganizira: chakuti mayi akapatsidwa botolo la mankhwala adzamwa, ndipo adzabweranso. Tamuoneni mayiyo. Wadzuka m'mamawa, wayenda mtunda kudzayamba sikelo, thupi lake lili bwinobwino, sakumva kupweteka paliponse. Dzuwa lisanafike pamutu wauzidwa kuti ali ndi kachilombo. Asanapume n'komwe wauzidwanso kuti kuyambira usiku uno azimwa piritsi tsiku lililonse mpaka imfa. Botolo walikulunga m'chitenje. Akubwerera kunyumba komwe mwamuna wake sanayezetse, ndipo sakudziwa kuti akakaliona botololo kukhala mawu otani. Apongozi ali pakhomo pomwepo. Kodi mwezi wamawa adzabwera? Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti pafupifupi amayi 17 pa 100 aliwonse omwe anayamba mankhwala mwa njirayi anali atasowa m'kaundula miyezi isanu ndi umodzi itakwana, ndipo ambiri mwa iwo sanabwerenso chilandirireni botolo loyamba. Apa m'pamene panaoneka kufunika kwa amayi anzawo omwe anadutsa njira yomweyo kuti aziwalimbikitsa, kufunika kowalondola kunyumba, ndi koitana abambo kuti azibwera nawo ku sikelo. Ndondomeko inali yabwino, ndipo idakali yabwino. Koma mwala wina unali pansi pa madzi, ndipo unaoneka chifukwa ofufuza sanasiye kuyang'ana.

Palinso mtundu wina wa zongoganizira, womwe suli m'mutu mwanu koma m'mutu mwa yemwe mukufuna kumusintha. Pologalamu ya Mtukula Pakhomo, yopatsa mabanja osauka ndalama, itayamba ku Mchinji mu 2006, mantha a anthu ambiri anali odziwika: mukapatsa munthu wosauka ndalama m'manja, akamwera mowa, kapena asiya kulima. Ofufuza a Centre for Social Research ku Zomba pamodzi ndi a Boston University atapita kukaunika, anapeza kuti mabanjawo akudya bwino, ana akupita kusukulu, ndipo agula nkhuku, mbuzi ndi makasu. Kafukufukuyo anali ndi mphamvu chifukwa anayankha funso la munthu wokayika, osati la munthu wokhulupirira kale. Pofika 2018 pologalamuyi inali m'maboma onse 28. Komabe mpaka pano gawo lalikulu la ndalama zake limachokera kwa abwenzi akunja. Umboni unakhutiritsa ambiri kuti njirayi imathandiza. Kuti thumba la boma liisenze, imeneyo ndi nkhani ina, ya anthu ena, yofuna umboni wina. Safunsa anadya phula. Pitani kwa amene akukana, mukamufunse chomwe chikumukanitsa, mafunso anu musanawasindikize.

Mfundo yachitatu: musathawe ndale, ndipo dziwani nyengo.

Sindikudziwa ndondomeko ina m'dziko muno yomwe yafufuzidwa kwambiri kuposa ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Pologalamuyi, yotchedwa FISP, inayamba m'nyengo ya 2005 mpaka 2006, pansi pa Pulezidenti Bingu wa Mutharika, dziko litangokolola zochepa chifukwa cha ng'amba, ndipo abwenzi akunja ambiri sanaikonde poyamba. Mlimi ankalandira makuponi a matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50, lina lokulitsa lina lobereketsa, ndi mbewu. Malemu Pulofesa Ephraim Chirwa ndi mnzawo Andrew Dorward anaiunika chaka ndi chaka, ndipo mu 2013 anatulutsa buku lathunthu. Ofufuza enanso ambiri analembapo. Zomwe anapeza n'zodziwika. Chimanga chinachuluka ndithu. Koma feteleza nthawi zambiri ankafika mvula itagwa kale. Makuponi ena ankathera kwa opezako bwino, ndipo m'midzi yambiri anthu ankagawana thumba limodzi. Gawo lina la feteleza wotsika mtengo linkangolowa m'malo mwa yemwe mlimi akanagula yekha. M'chaka cha 2008 mpaka 2009, mitengo ya feteleza itakwera padziko lonse, pologalamuyi inadya pafupifupi 16 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ya dziko, ndipo ulangizi, ulimi wothirira ndi kafukufuku wa mbewu zinkatsala ndi zochepa.

Umboni umenewu unasinthako zina. Chapakati pa zaka za m'ma 2010 ndalama yomwe mlimi amasonkha inakwezedwa, amalonda omwe si aboma analoledwa kugulitsa feteleza wa makuponi, ndipo opindula anachepetsedwa kufika 900,000. Koma chisankho cha 2020 chitadutsa inabwera pologalamu ina yotchedwa AIP, yofikira mabanja oposa 3 miliyoni, thumba pa K4,495. Ofufuza ambiri ankaloza kuti pologalamu ichepe ndi kulunjika bwino, koma inakula kuposa kale lonse.

Kodi andale sanawerenge? Ine sindikuganiza choncho, ndipo ndikupemphani kuti tisawanyoze. Aliyense amene anaona njala ya 2002, anthu akudya zitsa za nthochi ndi gaga, amadziwa chifukwa chake chimanga ndi nkhani ya moyo ndi imfa m'dziko muno. Mtsogoleri amaweruzidwa ndi nkhokwe. Phungu akapita kwawo, funso loyamba lomwe amakumana nalo ndi la feteleza. Theory of change yomwe ikuti tidzaonetsa a ku unduna manambala ndipo pologalamu idzasintha yalakwitsa malo omwe chiganizo chimapangidwira. Chiganizo cha feteleza chimapangidwa pa nsanja ya msonkhano wa kampeni. Ngati umboni wanu ukuti phungu achotse china m'manja mwa anthu ake, muyenera kumuonetsanso chomwe adzaikemo, chomwe angathe kuima nacho pagulu.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kafukufuku wa chonde cha m'nthaka ali ndi khomo lotseguka kuposa mkangano woti pologalamu ithe kapena isathe. Mukanena kuti thumba lomweli likhoza kubereka zambiri likafika pa nthawi yake, likaphatikizidwa ndi manyowa monga a Mbeya, ndi kasinthasintha wa nandolo, soya ndi mtedza, palibe wandale amene mwamuopseza. Mwamupatsa chonena. Uku si kupotoza choonadi. Ndi kusankha, mwa zoona zambiri zomwe mwapeza, chomwe chingayambe kuyenda lero, zinazo mukuzinenabe poyera.

Tsono nyengo. Katswiri wina wa ku America, John Kingdon, analemba mu 1984 kuti ndondomeko imasintha zinthu zitatu zikakumana: vuto lomwe anthu aliona, yankho lomwe lakonzedwa kale, ndi ndale zomwe zalola. Mpata wake sukhalitsa. Tinaziona tokha. Kwa zaka zambiri akatswiri ankanena kuti lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 1991 latha ntchito, chifukwa linkayang'ana kwambiri za kupereka thandizo ngozi itagwa kale, osati kuipewa. Bilu yatsopano inakhala ikudikira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kum'mwera, matope anakwirira nyumba ku Chilobwe, anthu mazanamazana anafa. Mwezi wotsatira Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano. N'zomvetsa chisoni kuti zinatengera maliro ochuluka chotero. Koma taganizani zikanakhala bwanji mpatawo utatseguka bilu isanalembedwe. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Nyengo zina sizidzidzimutsa, zili pa kalendala. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo Unduna wa Zachuma umamva maganizo a anthu miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Lipoti lofuna ndalama lomwe latuluka mu Meyi lidzadikira pafupifupi chaka. Zipani zimalemba manifesito chisankho chisanafike, osati chitadutsa. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ali ndi ndondomeko yake ya zaka khumi zoyambirira yomwe imaunikidwa. Masiku amenewa alembedwe pa pepala lanu, pafupi ndi maina a maudindo aja.

Mfundo yachinayi: bwererani ku pepala lanu.

Theory of change si lumbiro. Ndi zomwe mukuganiza lero, ndipo mtsinje umasuntha miyala chaka chilichonse. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse khalani pansi ndi gulu lanu, ndipo muitane munthu mmodzi wakunja yemwe saopa kukutsutsani, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mufunsane: mwa zomwe tinangoziganizira, n'ziti zaoneka kuti n'zoona, n'ziti zagwa? Ndani wasamutsidwa? Ndani wayamba kulankhula mawu athu? Sungani kabuku kolembamo zing'onozing'ono, tsiku lomwe komiti ya aphungu inakuitanani, tsiku lomwe mtolankhani anagwiritsa ntchito manambala anu, tsiku lomwe munakanidwa ndi chifukwa chake. Zimenezi ndizo zidzakuuzeni ngati mukuyenda kapena mwaima.

Ndipo ndondomeko ikasinthadi, musathamangire kunena kuti ndi ife. Mutu umodzi susenza denga. Pa Option B+ panali madokotala, anamwino, a mabungwe a anthu omwe ali ndi kachilombo, ndi omwe anapereka ndalama zogulira mankhwala. Nenani gawo lomwe munachita, ndi umboni wake, basi. Ofesala wa boma yemwe wamva inu mukudzitama ndi ntchito yomwe iye anaimenyera nkhondo m'kati sadzakuyankhaninso foni.

Pali ngozi imodzi yomwe sindingakhale pansi osaitchula. Munthu ukalemba kale kusintha komwe ukufuna, mtima umafuna kuti zotsatira za kafukufuku zigwirizane nako. Izi n'zoopsa kuposa lipoti logona pa shelefu. Theory of change ikonze njira yomwe umboni udzayendemo, isakonze umboniwo. Mulembemo mzere wonena chomwe mudzachite zotsatira zikadzatsutsa chiyembekezo chanu, ndi omwe mudzawauze. Mukapeza kuti matumba aja sathandiza monga munkaganizira, mlangizi ndi mayi uja ayenera kumva zimenezo msanga kuposa wina aliyense, asanaononge ndalama zawo. Tsiku lomwe unduna udzazindikire kuti manambala anu amapindika, khomo lidzatsekekera ofufuza onse, osati inu nokha.

Kwa inu a mabungwe opereka ndalama, pempho langa ndi ili: lolani kuti pepala lomwe tinakupatsani chaka choyamba lisinthe chaka chachitatu, ndipo musachitenge ngati kulephera. Ikaninso ndalama za ntchito yotsatira lipoti, chifukwa mpata wa ndondomeko nthawi zambiri umatseguka pulojekiti itatsekedwa, gulu litabalalika. Kwa inu ophunzira omwe mukusankha mitu ya kafukufuku wanu chaka chino, musanapite kwa mphunzitsi wanu, pitani kaye ku ofesi ya zaulimi, ya zaumoyo kapena ya maphunziro paboma lanu, mukafunse chomwe chikuwasowetsa tulo. Ndipo kwa inu akuluakulu a m'maunduna, tiuzeni mafunso anu nthawi ikadalipo. Mutiuze ndondomeko zomwe zikuunikidwa chaka chamawa ndi mwezi womwe zolemba zake zidzatsekedwe, kuti tikabwera ndi umboni tikupezeni cholembera chikadali m'manja.